Momwe khonsolo ingachepetsere ngozi za pamsewu ndi ndalama za msonkho wa nyumba

M'makhonsolo ambiri, nkhani ya ngozi za pamsewu imakambidwa m'komiti yoona za misewu ndi zomangamanga, pomwe ya msonkho wa nyumba ndi malo imakambidwa m'komiti ya zachuma, mwezi wina, ndi anthu enanso. Zotsatira zake sizisowa. Makhansala amavomereza kuti pasukulu yakuti pamangidwe powolokera, koma m'bajeti mulibe ndalama yake. Kenako amakweza msonkho, eni nyumba osaona chimene chasintha pamsewu wawo, nayamba kuzemba kulipira. Malangizo awa ndi a makhansala, ogwira ntchito kukhonsolo komanso nzika zotsata misonkhano, ndipo akutenga nkhani ziwirizi ngati chigamulo chimodzi, kuyambira pamsewu kukafika pa bilu. Mphamvu za khonsolo zimasiyana dziko ndi dziko, choncho lamulo la maboma aang'ono la kwanuko likhale patebulo kuyambira tsiku loyamba.

Choyamba: msewuwo ndi wa yani?

Si msewu uliwonse wodutsa m'dera lanu umene uli m'manja mwa khonsolo. Misewu ikuluikulu yolumikiza mizinda kawirikawiri imakhala pansi pa bungwe la boma loona za misewu, ndipo n'kumenekonso kumene anthu amafa kwambiri chifukwa magalimoto amalowa m'tauni ali ndi liwiro la kutchire. Funsani mndandanda wa misewu wosonyeza mwini wa uliwonse. Funsaninso kuti ndani ali ndi mphamvu yosintha malire a liwiro, poti m'maiko ambiri chikwangwani choikidwa popanda chilolezo cha lamulo sichingagwiritsidwe ntchito pozenga munthu mlandu. Ngati msewu si wanu, chigamulo cha khonsolo chikhale cholembera eni msewuwo kalata yokhala ndi umboni, pulani ndi tsiku loyembekezera yankho. Musaikepo ndalama za msonkho musanasainirane nawo pepala lonena amene adzakonze zikadzawonongeka.

Chachiwiri: sonkhanitsani umboni, ndipo pitani nokha pamsewupo

Madandaulo a anthu ndi poyambira pabwino, koma amene amadandaula mokweza si nthawi zonse amene ali pangozi yaikulu. Tengani ngozi za zaka zitatu mpaka zisanu kuchokera kupolisi, muziphatikize ndi mabuku a kuchipatala, chifukwa anthu ambiri ovulala, makamaka oyenda pansi ndi okwera njinga, safika m'buku la apolisi. Ngozi iliyonse muiike pa mapu, mulembe ola lake, amene anagundidwa ndiponso kukula kwa kuvulala. Chaka chimodzi n'chosakwanira. Malo akhoza kuona ngozi zitatu chaka chino mwatsoka chabe, chaka chamawa n'kukhala zii popanda aliyense kuchitapo kanthu.

Kuti malo asanjidwe mosakondera, perekani mapointi, mwachitsanzo 10 pa imfa, 5 pa kuvulala kwambiri, 1 pa kuvulala pang'ono. Manambala enieniwo mukhoza kugwirizana ena, koma mugwirizane musanaone kuti wodi ya yani ikhala pamwamba. Akasinthidwa pambuyo pake, aliyense adziwa chifukwa chake.

Liwiro mukhoza kuliyeza opanda makina odula. Ikani zizindikiro ziwiri motalikirana mamita 50, munthu aime pamene akuziona zonse ali ndi wotchi ya pafoni, awerenge masekondi amene galimoto yatenga kuchoka pachizindikiro choyamba kufika pachiwiri. Gawani 180 ndi masekondiwo, mupeza makilomita pa ola. Masekondi 6 ndi makilomita 30 pa ola, masekondi 3.6 ndi 50, masekondi 3 ndi 60. Yezani magalimoto 100 oyenda mwaufulu, osati otsatana pamzere, ndipo woyezayo asavale chovala chonyezimira chofanana ndi cha apolisi, apo ayi madalaivala onse asanduka aulemu tsiku limenelo. Sanjani liwiro la magalimotowo kuyambira lotsika kwambiri, mutenge la nambala 85. Limenelo ndilo liwiro limene mainjiniya amagwiritsa ntchito, poti limasonyeza mmene othamanga akuyendera, zimene avereji imabisa.

Werenganinso anthu owoloka, mphindi 15 zilizonse, m'mawa, nthawi yoweruka kusukulu ndi madzulo kukamada. Jambulani pa mapu pamene akuwolokera penipeni. Njira imene yapondedwa m'udzu kapena mpata umene anthu aboola pampanda zikuuzani zambiri kuposa pulani ya muofesi.

Chachitatu: sankhani chithandizo chogwirizana ndi vuto

Pano m'pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye tikhalepo pang'ono. Muzu wa nkhani ndi liwiro. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Limanenanso kuti liwiro la magalimoto likakwera ndi 1 peresenti, chiopsezo cha ngozi yakupha chimakwera ndi 4 peresenti. Masamu ake ndi osavuta. Galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola imadutsa mamita 8.3 pa sekondi, ndipo dalaivala akatenga sekondi imodzi kuti aponde mabuleki paphula louma, imaima pa mamita pafupifupi 13. Yoyenda 50 imadutsa pafupifupi mamita 14 m'sekondi yomweyo, ndiye kuti pamalo pamene inzake yaima kale, iyo mabuleki sinayambe n'kugwira komwe. Imakaima pa mamita pafupifupi 28. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za maiko wokambirana za chitetezo cha pamsewu, wa ku Stockholm ku Sweden mu 2020, unalimbikitsa malire a makilomita 30 pa ola pamalo amene anthu ndi magalimoto amasakanikirana. Mzinda wa Graz ku Austria unayamba zimenezi mu 1992, ndipo Brussels ku Belgium inatsatira mu 2021.

Chikwangwani chokha sichichepetsa liwiro mokwanira. Msewu ukakhala wotakata ndi wowongoka, dalaivala amamvera msewuwo kuposa chikwangwani, ndipo apolisi sangaime pamenepo usana ndi usiku. Chimene chimagwira ntchito ndi kusintha kamangidwe ka msewu.

Hampu yabwino ndi yaitali koma yosakwera kwambiri. Muyezo wodziwika wa hampu yozungulira pamwamba ndi mamita 3.7 m'litali motsata msewu, ndi mamilimita 75 mpaka 100 kukwera kwake. Timahampu tatifupi tosongoka timene anthu amamanga okha ngozi ikachitika timathyola magalimoto, timagwetsa apanjinga zamoto, ndipo madalaivala amatizemba podutsa m'mbali, momwe muli anthu oyenda pansi amene timafuna kuwateteza aja. Hampu imodzi payokha imangochititsa kuti galimoto iponde mabuleki n'kuyambanso kuthamanga. Kuti liwiro likhale lotsika mumsewu wonse, mahampu atalikirane mamita 60 mpaka 100. Musaike hampu pakona yobisika kapena potsetsereka kwambiri. Siyani njira ya madzi m'mbali, poti hampu yotseka ngalande imasunga thamanda, ndipo madzi ndiwo amadya phula. Ipakidwe penti yonyezimira ndipo chikwangwani chochenjeza chiikidwe tsiku lomwelo imene yamalizidwa, osati sabata yotsatira.

Powolokera pojambulidwa mizere yokha, pamsewu wa magalimoto othamanga 60, pamapatsa anthu chikhulupiriro chabodza. Pakwezedwe kufanana ndi njira ya oyenda pansi, pamwamba pakhale pathyathyathya, ndipo ngati pamadutsa mabasi kapena maambulansi, pathyathyathyapo patalike mamita 6 kapena kuposerapo kuti matayala akutsogolo ndi akumbuyo akwere bwino. Pamsewu wotakata ganizirani kachilumba kapakati. Munthu wamkulu amayenda pafupifupi mamita 1.2 pa sekondi, ndiye msewu wa mamita 14 umamutengera masekondi ngati 12, ndipo m'nthawi imeneyo galimoto yoyenda 50 imakhala itadutsa mamita oposa 160. Mwana kapena gogo sangathe kuyeza mpata wotere mbali ziwiri nthawi imodzi. Kachilumba ka mamita 2 m'lifupi kamamulola kuwoloka theka, kupuma, n'kuyang'ana mbali inayo. Letsaninso kuimika magalimoto pafupi ndi powolokera, chifukwa mwana wotulukira kuseri kwa basi yoima saoneka.

Milatho yodutsa pamwamba pa msewu imakopa andale poti imaoneka bwino pachithunzi. M'kati mwa tauni nthawi zambiri ndi kuwononga ndalama: okalamba, olumala ndi osenza katundu saikwera, ena amaopa achifwamba usiku, ndipo pansi pake magalimoto amathamanga kuposa kale. Ndalama ya mlatho umodzi ikhoza kumanga malo owolokera okwezedwa ambirimbiri. Ngati mapu anu akusonyeza kuti anthu akugundidwa akuyenda motsata msewu, osati powoloka, chofunika ndi njira ya oyenda pansi ya mamita 1.8 mpaka 2 m'lifupi, yolekanitsidwa ndi msewu. Ngati ngozi zambiri ndi za usiku, yambani ndi magetsi.

Funso limodzi lisaiwalike: mukatchinga msewu uwu ndi mahampu, othamanga aja athawira kuti? Yang'anani misewu yoyandikana nayo ndipo muikonze pamodzi.

Chachinayi: mtengo wonse, kuphatikizapo wa zaka za m'tsogolo

Injiniya apereke mtengo wa malo aliwonse paokha: kujambula pulani, kumanga, zikwangwani, penti, magetsi, kusuntha mapaipi kapena mapolo, ndi ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi, imene ambiri amaiika pa 10 peresenti. Pambali pake alembe ndalama yosamalira chaka ndi chaka. Penti wamba amafufutika msanga pamsewu wotanganidwa, pomwe wa pulasitiki wothira motentha ndi wodula pogula koma amakhalitsa. Magetsi a dzuwa safuna bilu ya mwezi, koma mabatire ake amatha ndipo amabedwa. Khonsolo yosaika ndalama zimenezi m'bajeti imakhala ndi hampu yakuda pamsewu wakuda pakatha zaka ziwiri, ndipo hampu yotereyo ndi ngozi payokha.

Mukatero gawani mtengo wa malo aliwonse ndi mapointi ake a ngozi. Malo otchipa kukonza koma a mapointi ambiri akhale oyamba. Kugawa ndalama mofanana m'mawodi onse kumaoneka kwachilungamo pamsonkhano, koma kumasiya mphambano yakupha anthu ili chomwecho kuti wodi yopanda vuto ipeze chikwangwani.

Chachisanu: msonkho

Msonkho wa nyumba uli ndi miyendo inayi: nyumba zimene zili m'kaundula, mtengo umene iliyonse yapatsidwa, mlingo wa msonkho, ndi gawo la mabilu limene limalipidwadi. Makhansala amathamangira mwendo wachitatu chifukwa ndi umene amavotera, chonsecho ndalama zambiri zimabisala m'miyendo ina itatuyo.

Tiyerekeze kuti mitengo ya nyumba zonse za m'kaundula ikaphatikizidwa ikukwana 60 biliyoni, mlingo ndi 10 pa 1,000 iliyonse, ndipo ntchito ya pamsewu ikufuna 90 miliyoni. Mabilu onse ndi 600 miliyoni. Wowerengera mwachangu anena kuti 90 miliyoni kugawa ndi 60 biliyoni ndi 1.5 pa 1,000, ndiye mlingo ukwere kufika 11.5. Koma ngati khonsolo imatolera 60 peresenti yokha ya mabilu ake, kukwezako kubweretsa 54 miliyoni, ndipo kontrakitala adzaima ntchito ili pakati. Kuti 90 miliyoni ipezeke, mlingo uyenera kukwera ndi 2.5, kutanthauza kuti mwini nyumba ya 20 miliyoni awonjezera 50,000 m'malo mwa 30,000, kulipirira anzake osalipira. Tsono onani njira ina: mlingo ukhale pomwepo, koma kutolera kukwere kuchoka pa 60 kufika pa 75 peresenti. Ndalama zolowa zichoka pa 360 miliyoni kufika pa 450 miliyoni. Ndi 90 miliyoni yomwe ija, popanda kukweza msonkho wa munthu aliyense. Choncho funso loyamba kwa mkulu wa zachuma likhale lakuti: pa mabilu a zaka zitatu zapitazi, zinalowadi ndi zingati? Bajeti imangidwe pa nambala imeneyo.

Kukweza kutolera kumayamba ndi zinthu zooneka zazing'ono. Bilu ifike pakhomo loyenera, nthawi yake, yosonyeza mtengo wa nyumba, mlingo, ngongole yakale ndi tsiku lomaliza. Kulipira kukhale kwa kubanki kapena pafoni, ndalama zisadutse m'manja mwa wotolera, ndipo khonsolo ilole kulipira pang'onopang'ono. Pa ngongole yambani ndi akuluakulu. Kawirikawiri gawo lalikulu la ngongole limakhala ndi eni nyumba ochepa, kuphatikizapo makampani ndi maofesi a boma, ndipo kuthamangitsa mayi wa kanyumba kamodzi pamene nyumba yosanja ili ndi ngongole ya zaka zisanu kumapha chikhulupiriro cha onse. Makhansala ndi ogwira ntchito kukhonsolo ayambe iwowo kulipira. Kukhululuka chiwongoladzanja kumathandiza kamodzi, koma kukachitika chaka ndi chaka anthu amaphunzira kudikira.

Kaundula naye amakalamba. Nyumba zatsopano sizilowamo, zowonjezeredwa zipinda zimalipira ngati kale, ndipo dera limene lakwera mtengo limalipira mofanana ndi limene latsika. Si vuto la maiko osauka okha: ku England msonkho wa khonsolo umawerengedwabe potengera mitengo ya nyumba ya mu 1991. Kumene akatswiri oyesa mitengo ndi ochepa ndipo nyumba sizigulitsidwa poyera, njira ya mapointi imathandiza. Amayeza kukula kwa nyumba, n'kuwonjezera kapena kuchotsera potengera zinthu zooneka ndi maso kuchokera panja, monga denga, makoma, msewu wofika pakhomo ndi dera. Mzinda wa Freetown ku Sierra Leone unagwiritsa ntchito njirayi pamodzi ndi zithunzi za m'mlengalenga pokonzanso kaundula wake cha m'ma 2019 ndi 2020. Ubwino wake ndi wakuti mwini nyumba akhoza kutsata yekha mmene bilu yake yawerengedwera.

Chenjezo lalikulu ndi ili: mitengo ikayesedwanso n'kupezeka kuti yawirikiza kawiri, mlingo wakale usasiyidwe chomwecho, apo ayi mabilu onse awirikiza kawiri popanda khonsolo kuvotera. Werengerani kaye mlingo umene ungabweretse ndalama zofanana ndi za chaka chatha, muulengeze, kenako muvotere poyera chowonjezera chimene mukufuna ndi ntchito yake. Amene bilu yawo yakwera kwambiri ikwere m'magawo kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Kaundula watsopano aikidwe poyera kwa masiku onse amene lamulo likunena, ndipo madandaulo amvedwe ndi anthu ena, osati amene anayesa mitengo. Kudumpha sitepe imeneyi ndiko kumagwetsa msonkho wonse kukhoti. Okalamba ndi osauka okhala m'nyumba zawozawo athandizidwe ndi ndondomeko yolembedwa, osati ndi kalata ya khansala.

Kodi ndalama ya misewu ikhale ndi thumba lakelake? Malamulo ena amalola msonkho wapadera wa ntchito yakutiyakuti kapena dera lakutilakuti, ena salola. Kumene salola, ikani mzere wakewake m'bajeti ndipo muzipereka lipoti lake padera. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti ndalama zikachepa pakati pa chaka, malipiro ndi mafuta zimadya za chitukuko mwakachetechete. Chigamulo chinene kuti kusuntha ndalama pamzerewu kufuna voti ya khonsolo yonse.

Chachisanu ndi chimodzi: kumva maganizo a anthu ndi kuvota

Pitani kwa anthu ndi pepala limodzi lokhala ndi mapu, malo osankhidwa, chifukwa chake, mtengo, ndi zimene nyumba yaing'ono, yapakati ndi yaikulu iwonjezere pachaka. Msonkhano wa muholo masana a Lachiwiri umabweretsa eni magalimoto ndi eni mabizinesi. Ana asukulu, amalonda a m'mbali mwa msewu, olumala, madalaivala a mabasi ndi a maambulansi muwatsate kumene ali. Musafunse kuti "mukufuna mahampu kapena ayi?" Funsani pamene amaopa kuwoloka, nthawi yanji, ndi chimene pulaniyo yaiwala. Kumbukiraninso kuti ena mwa ogundidwa ndi anthu okhala m'nyumba za lendi, amene dzina lawo silili pa bilu koma msonkhowo amaulipira kudzera mu lendi.

Lipoti lidutse kukomiti ya misewu, kenako ya zachuma, lisanafike kukhonsolo yonse, ndipo makhansala alilandire masiku okwanira msonkhano usanachitike. Amene ali ndi kampani yofuna tenda, kapena malo okhudzidwa mwapadera ndi ntchitoyo, anene poyera, zilembedwe m'maminitsi, atuluke pokambirana. Onetsetsani kuti chiwerengero cha mamembala chakwana, ndiponso ngati mlingo watsopano ukufuna chivomerezo cha nduna kapena kulengezedwa m'nyuzipepala ya boma usanayambe kugwira ntchito.

Mawu a chigamulo ndiwo adzatsale anthu ataiwala zokambirana. Lakuti "khonsolo yagwirizana kulimbikitsa chitetezo cha pamsewu" silimanga munthu aliyense. Chigamulo chitchule malo, chomangidwa, ndalama, mzere wa bajeti, udindo wa woyang'anira, mwezi womaliza ndi tsiku lobweretsa lipoti.

Ntchito ikayamba

Injiniya wa khonsolo ayeze hampu iliyonse ndi tepi ndi levulo asanasaine chikalata cholipirira, poti kusiyana kwa mamilimita 30 kumasandutsa hampu yabwino kukhala yothyola magalimoto kapena yosamveka n'komwe. Sungani gawo la malipiro, kawirikawiri 5 mpaka 10 peresenti, kufikira nthawi yokonza zolakwika itatha, ndipo nthawiyo idutse nyengo imodzi ya mvula. Pomanga, oyenda pansi apatsidwe njira yawo yotetezedwa.

Pakatha miyezi itatu, ndiponso pakatha chaka, bwererani ndi wotchi pa mamita 50 omwe aja, tsiku ndi ola lofanana, muyezenso magalimoto 100, osaiwala misewu yoyandikana nayo. Ngozi zimafuna zaka zitatu kuti zionetse chithunzi chodalirika, koma liwiro limayankha msanga. Ngati la nambala 85 lidakali pamwamba pa 40 pamalo amene mumafuna 30, mahampu atalikirana kwambiri kapena ndi otsika, ndipo ndalama yowonjezera ena ilowe m'bajeti yotsatira. Manambala a kale ndi a tsopano, pamodzi ndi ndalama zimene zalowa ndi zimene zagwiritsidwa ntchito, zisindikizidwe kuseri kwa bilu ya chaka chotsatira.